Chaka Chimene Amuna Anadya Dothi

Mu Ufumu wa Msuzumire muli fakitale imodzi yokha, ndipo imasoka makatani. Makataniwo amapita kunyumba yachifumu, kunyumba za nduna, ndi kumaofesi kumene kumakambidwa za anthu. Osokawo kwawo amatchinga mazenera ndi matumba a feteleza.

Mwini wa fakitaleyi, Kampani ya Tsekani, ndi Mfumu Penyani Wachitatu. Mfumuyi sinaigule kampaniyo. Inangoiona tsiku lina ikudutsa, ndipo inakhala yake. Woiyang'anira ndi a Chimkwapulo, Nduna ya Maso ndi Makutu, munthu amene amalowa m'chipinda kawiri: poyamba mimba, kenaka iwo.

Chaka china a Nduna anapita kunja nakabwerako ndi makina otchedwa Diso la Chikondi. Anasinthanitsa ndi phiri limodzi ndi theka la mtsinje. Theka linalo likuyendabe.

Disolo linaikidwa m'chipinda chozizira pamwamba pa fakitale. Wantchito aliyense anavekedwa chibangili padzanja lamanzere. Chibangilicho chimawerenga mapazi, chimalawa thukuta, chimamva mawu, ndipo chimadziwa pamene munthu waima ndi nthawi imene waimapo, kaya pantchito, kaya pamsika, kaya kunyumba. Chikatsekedwa sichitseguka. Kiyi inatsala kunja kwa eni makina, kuti isatayike.

Tsiku lotsegulira, Mfumu inayankhula maola atatu.

“Ana anga,” inatero, “bambo wabwino amadziwa mwana wake. Koma ine ana ndi ambiri, maso ndi awiri. Kodi ndikukondeni bwanji ndisakudziwa kumene mumapita mukaweruka? Kuyambira lero palibe amene adzakhalenso yekha. Ndiponso, kuti mayiko akunja aone kuti kuno kulibe tsankho, Diso silidzadziwa mwamuna kapena mkazi, bwana kapena wantchito. Nonse ndinu manambala. Mwakwera.”

Anthu anaomba m'manja. Zibangili zinawerenga kuti aliyense waomba kangati.

Ojambula zithunzi atayandikira, a Nduna anatambasula dzanja lawo navala chibangili choyamba, chopaka golide, nambala wani. Anaseka, zithunzi zinajambulidwa, ndipo anaiwala kuti sichivulika. Kenaka anawerenga lamulo lalifupi: Diso sililakwa, ndipo wonena kuti lalakwa apita kundende ya Khalachete.

A Sandalamu, mlonda wa pageti, anachitembenuza chibangili chawo uku ndi uku.

“Mkazi wanga wakhala akufuna chinthu ngati ichi zaka makumi atatu,” anatero. “Boma lamutsogolera.”

Lachisanu lililonse masana belu linkalira, antchito n'kuima pabwalo, Diso n'kuyankhula pa chimkuzamawu. Linali ndi mawu a mtsikana waulemu. Chimkuzamawu china chinapachikidwa pamtengo wa mkuyu mumsika wa Nong'onani, kuti abale nawonso azipindula.

Poyamba zinali zazing'ono. Nambala 71 wayasamula kasanu ndi kawiri Lachitatu. Nambala 15 amachedwa kuchimbudzi ndipo amaimba ali momwemo. Nambala 140 sakagona kumene analembetsa kuti ndi kwawo. Mkazi wa nambala 140 ankagulitsa tomato pansi pa mkuyu uja. Tomato anatha msanga tsiku limenelo, koma sanagulidwe.

Kenaka a Nduna anatulukira ntchito yeniyeni ya Diso. Iwo ankadandaula kuti mkazi wapakati amasoka pang'onopang'ono, ndipo akachira amafuna tchuthi. Kumuchotsa ntchito kukanakhala nkhanza, ndipo ku Msuzumire nkhanza zinathetsedwa ndi lamulo. Choncho anakhazikitsa mwambo wotchedwa Kupumitsa Mwachikondi. Diso likakupeza ndi pakati, linkakulengeza Lachisanu, gulu la malipenga linkakuimbira mpaka pageti, unkalandira katani imodzi yamphatso, ndipo unkapita kukapuma. Tsiku lobwerera silinalembedwe paliponse.

A Nduna sakanatha kusunga chinsinsi chimene chimawatamanda. Anaima pabwalo nafotokoza okha mmene Diso limadziwira.

“Zizindikiro ndi zisanu,” anatero, akuwerenga zala. “Kuchimbudzi pafupipafupi. Kusinza masana. Kulavulalavula. Kuyenda dzanja lili m'chiuno. Ndi kudya dothi. Zikakumana zonse pamunthu mmodzi masabata atatu, basi. Ife timadziwa mwamuna wako asanadziwe.”

Anaseka, kenaka analavula.

Tsono ku Msuzumire, monganso kumadera ambiri, pakati sipanenedwa. Oyandikana nawo amaona. Apongozi amaona. Ngakhale wogulitsa makala amaona. Koma onse amadikira mwini wake kuti anene, kwa amene akufuna, nthawi imene akufuna. Ukafunsa, anthu amakuyang'ana ngati wavula pamsewu.

Woyamba kupumitsidwa anali mtsikana wina dzina lake Velonika. Apongozi ake anamva nkhaniyo pamsika, akusankha usipa, limodzi ndi anthu mazana anayi. Velonika anatuluka pageti katani ili kumaso. Nyuzipepala ya boma inalemba kuti analira ndi chimwemwe.

Pamzere wachitatu wa makina osokera pankakhala Nachisale, nambala 208, wopinda m'mphepete mwa makatani. Mwamuna wake Dafuleni, nambala 233, ankasita m'chipinda chotsatira. Anali pabanja zaka zisanu ndi chimodzi, opanda mwana.

Kawiri konse Nachisale anaima. Kawiri konse chimwemwe chinamuposa, nanena msanga, kwa mwamuna wake, kwa mayi ake, kwa amayi a kutchalitchi. Kawiri konse pakati panachoka mwezi wachitatu. Ululu wa m'thupi unkatha. Chimene sichinkatha ndi kuyenda khomo ndi khomo kukafufuta zimene unanena, ndi kuona nkhope za anthu zikusintha. Ulendo wachiwiriwo Dafuleni anali atagula kale kabeseni kobiriwira kosambitsira mwana. Kabeseniko tsopano ankaviikamo nyemba, ndipo palibe ankakatchula.

Tsopano unali ulendo wachitatu. Nachisale analumbira mumtima kuti sauza munthu, ngakhale Dafuleni, mpaka mwana atagunda. Ntchito ankaifuna, ndithu. Koma chimene ankaopa kwambiri ndi kumva nkhani yake ikutuluka pamtengo wa mkuyu, m'mawu a mtsikana waulemu, mwamuna wake ataima pabwalo ngati mlendo.

Anayesetsa. Malovu ankameza. Kuchimbudzi ankapirira mpaka misozi. Koma thupi silisunga lumbiro. Lolemba lina, pa nthawi yopuma, dzanja lake linapita lokha pachipupa cha kuseri kwa fakitale pamene chiswe chinamanga, linatswanya kachidutswa ka dothi, n'kuponya m'kamwa. Atazindikira n'kuti atameza kale. Chibangili chinali phee padzanja, chikulawa thukuta.

Atatembenuka anapeza mayi Nagama akumuyang'ana. Mayiwa anali odula nsalu, a zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, okonda fodya wa m'mphuno ndi odana ndi kucheza. Anayang'ana chipupa, nayang'ana Nachisale. Kenaka anafwenkha fodya wawo, nayetsemula, nabwerera kukadula nsalu.

Mmawa mwake anafika ndi kathumba. Munali dothi lokazinga la kumsika, loswa timibulu. Anayamba kudya okha, poyera, akutafuna mokweza. Atatha anadutsa mumzere woyamba akuika kam'bulu pamakina aliwonse.

“Ichi n'chiyani, mayi?” anafunsa mtsikana wina.

“Idya.”

“Chifukwa?”

“Chifukwa ndakupatsa.”

Msonkhano sunachitike. Zibangili zimamva mawu, choncho palibe mawu amene ananenedwa. Mayi Nagama anangoyamba kuyenda dzanja lili m'chiuno, akulavula pazenera, ndipo akazi anawayang'ana tsiku limodzi, lachiwiri n'kuyamba nawonso. Lachinayi kathumba kanalowa m'chipinda cha ositira, kwa amuna. Anakayang'ana kanthawi. Woyamba kutambasula dzanja anali Dafuleni. Anatenga timibulu tiwiri.

A Sandalamu okha ndi amene analakwitsa. Atalandira gawo lawo pageti anatsitsa mawu.

“Nanga ndi ya ndani, mayi?”

“Imvi zonsezi, mukufunsabe mafunso a ana?” anatero mayi Nagama.

Mlondayo anachita manyazi. Anadya lake, napempha lina. Masana anaoneka akuyendera mpanda dzanja lili m'chiuno, chibonga chikulendewera, akupuma ngati wanyamula mtolo.

Masabata atatu amenewo fakitale inasanduka chipatala cha amayi. Mzere wa kuchimbudzi unkafika pageti. Ikakwana thu koloko, mitu mazana atatu inkagwera pamakina nthawi imodzi. Pansi pa mazenera panamera udzu chifukwa cha malovu. Akapitawo sakanaletsa, chifukwa palibe lamulo loletsa kudya dziko lako.

Kunyumba, Nachisale ankaona mwamuna wake akutafuna ndi nkhope yowawa. Dothi linamumanga m'mimba masiku anayi.

“Bambo, dothilo lakukomerani chotere?”

“Likukoma.”

“Anzanu akudya kamodzi patsiku.”

“Anzanga ndi aulesi,” anatero Dafuleni, natenga lina.

Lachisanu la sabata yachitatu belu linalira. A Nduna anaima pakhonde la pamwamba, gulu la malipenga lili tcheru. Chimkuzamawu chinakhosomola.

“Kampani ya Tsekani ikusangalala ndi antchito ake otsatirawa, amene Diso la Chikondi lawapeza ndi pakati. Nambala 4, a Sandalamu.”

Wina kumbuyo anaphulika, ndipo kuseka kunayaka ngati moto wa tchire. A Sandalamu anavula chipewa, nagwada pang'ono, nagwira pamimba.

Diso silinasiye. Nambala 9, woyendetsa lole. Nambala 12, mayi Nagama. Nambala 30, mkulu wa mpingo. Linawerenga ola lathunthu. Litafika pa nambala 208, Nachisale anamva dzina lake likutuluka, lonse, momveka bwino. Anadikira kuti mitu itembenuke.

Palibe mutu unatembenuka. Mayi Nagama, amene anaima pambali pake, anasankha nthawi imeneyo kuyetsemula katatu. Dzina linadutsa pakati pa dzina la wokonza magetsi ndi la mpongozi wa munthu wina wa zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndipo linapita. Patangopita nthawi pang'ono linamveka la Dafuleni, ndipo amuna anzake anamunyamula m'mwamba.

Onse pamodzi anakwana 312.

A Nduna anayang'ana mndandandawo nthawi yaitali. Kapitawo wina anawanong'oneza kuti mwina makina... A Nduna anamuyang'ana, ndipo kapitawoyo anamaliza kuti mwina makina akugwira ntchito bwino kwambiri.

“Lamulo ndi lamulo,” anatero a Nduna. “Imbani.”

Malipenga anaimba mpaka woimba wamkulu anakomoka. Makatani onse amene anali mosungira anagawidwa, kupatula imodzi. Madzulo amenewo, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ufumu, m'makomboni a antchito munaoneka nsalu pamazenera.

Kumsika kunali chikondwerero. A Sandalamu anapatsidwa mpando pansi pa mkuyu, ndipo amayi a masamba anawaletsa kunyamula katundu.

“Agogo, wakupatsani ndani?” anafunsa wogulitsa nyama.

“Kampani, mwana wanga. Zaka makumi awiri ndikugona pageti pake.”

“Ivomera?”

“Yavomera kale. Yandipatsa katani.”

Kunyumba yachifumu kunalibe kuseka. Mfumu inali itangomanga chipinda chatsopano cha mazenera makumi asanu ndi anayi, onse oyang'ana kumsika, kuti iziona bwino anthu ake. Makatani ake anayenera kusokedwa sabata imeneyo. Tsopano osoka onse anali kunyumba, akupuma mwachikondi. Zenera limaonetsa mbali zonse ziwiri. Pofika Lolemba msika wonse unkadziwa kuti Mfumu imadya itavala kabudula, imakanda msana pamphuthu ya chitseko, ndipo ndevu zake zakuda zimachokera m'kabotolo.

Bwalo la nduna linaitanidwa mwamsanga. Mfumu inakhala pakona, kumbuyo kwa kabati.

“Chimkwapulo! Anthu akundiona!”

“Akukukondani, Inu Oona Patali.”

“Akundiona ndikudya! Akundiona ndikukanda! Kodi munthu sangakhale ndi pake pamene palibe womuyang'ana? Ndi moyo wanji umenewu?”

Nduna zonse zinagwedeza mitu. Zinagwirizana kuti ndi moyo wosayenera munthu.

“Pita,” inatero Mfumu. “Ukapeze amene wapatsa pakati fakitale yanga.”

A Nduna anatsikira kumsika ndi apolisi asanu ndi mmodzi. Diso linali litawauza kale kuti antchito onse ankaima pamalo amodzi: pamphasa ya Abiti Maulidi, amene ankagulitsa dothi lokazinga pakati pa wa mchere ndi wa zitsulo zakale. Mayiwa sanadzuke. Anangokonza mpango wawo.

“Mayi, amene amagula dothi pano ndi ndani?”

“Anthu, bwana.”

“Anthu ati?”

“A pakamwa.”

“Amene anayamba ndi ndani? Ndikufuna dzina.”

“Bwana, ine ndakalamba, maso anafooka. Ndimangoona dzanja. Inu muli ndi Diso lalikulu la phiri ndi mtsinje, mukufunsa ine wa maso awiri akhungu?”

Anthu anali atazungulira. A Nduna anaona kuti afunika kuchita chinthu chooneka. Anatola kam'bulu kamodzi nakakweza m'mwamba.

“Uwu ndi umboni!”

“Umenewo ndi wa dzulo, bwana,” anatero Abiti Maulidi. “Umboni wabwino ndi uwu, ndakazinga mmawa uno. Ndathira kamchere. Koma sindikudziwa ngati munthu angaweruze chinthu asanachilawe. Inu ndi amene munaphunzira.”

A Nduna anayang'ana khamulo. Anaika dothilo palilime, mwaukatswiri. Anatafuna. Nkhope yawo inaima kaye, kenaka inafewa. Ali mwana, kumudzi kwawo, asanakhale nduna, mvula yoyamba ikagwa pankamveka fungo lotere.

“Tilanda thumba lonse,” anatero. “Tikafufuze bwino kuofesi.”

Anafufuza Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Lachinayi madzulo anatumiza wapolisi kuti akalande umboni wina. Kufufuzako kunapitirira masabata atatu.

Tsono nambala wani anali ndi zizindikiro zinayi kuyambira tsiku limene anavala chibangili. Kuchimbudzi ankapita pafupipafupi chifukwa cha shuga. Masana ankasinza, makamaka m'misonkhano. Kulavula kunali mbali ya mayankhulidwe awo. Dzanja silinkachoka m'chiuno, chifukwa katundu wa kutsogolo amafuna chochirikiza kumbuyo. Diso linali likudikira moleza mtima chimodzi chokha.

Lachisanu lachitatu belu linalira pabwalo lopanda anthu. Koma pansi pa mkuyu panali podzaza, chifukwa anthu opuma alibe kopita.

“Kampani ya Tsekani ikusangalala ndi wantchito wake mmodzi. Nambala wani, a Chimkwapulo. Poona nthawi imene zizindikiro zinayamba, pakati pawo ndi pa miyezi makumi awiri ndi iwiri.”

“Ya njovu,” anatero wogulitsa nyama, mwaulemu.

A Sandalamu anasuntha pampando wawo kuti asiye malo.

Bwalo la nduna linakhalanso tsiku lomwelo. Anaitana a Kadzamira, dokotala wa nyumba yachifumu, munthu amene anakhalitsa pantchito chifukwa sanapezepo matenda amene Mfumu sinawafune. Anagogoda mimba ya a Nduna, naimvetsera, naiyeza ndi chingwe.

“Mwapeza chiyani?” inafunsa Mfumu kuchokera kuseri kwa kabati.

“Inu Oona Patali, sindinganene kuti Diso lalakwa.”

“Ndiye ali ndi pakati?”

“Sindinganenenso kuti a Nduna alakwa. Ndinganene kuti muli kanthu, ndipo tidikire.”

Mfumu inatulutsa mutu.

“Chimkwapulo, ndiyankhe wekha. Uli ndi pakati kapena ayi?”

A Nduna anatuluka thukuta, ndipo chibangili chagolide chinalilawa. Akati ayi, ndiye kuti Diso lalakwa, ndipo ku Khalachete anakumanga okha, ankadziwa kuti kulibe mazenera. Akati inde, malipenga anali panja, katani yotsala inalipo imodzi. Anayang'ana kudenga. Anayang'ana nsapato zawo. Kenaka anayankhula ndi mawu aang'ono amene palibe anawamvapo.

“Mfumu yanga, nkhani zotere sizinenedwa pagulu.”

“Bwanji?”

“Ndi mwambo wathu. Amanena ndi mwini wake, kwa amene akufuna, nthawi ikakwana. Munthu sangangokwera pamtengo n'kulengeza za m'thupi mwa mnzake. Si ulemu.”

Nduna zinayang'anana. Ya Zaulimi inapukuta msozi. Inati mawu anzeru chotero sanamvekepo m'bwalomo, ndipo n'zachisoni kuti palibe anawaganizirapo kale.

Lamulo latsopano linawerengedwa pamsika mmawa mwake. Linati Diso silinalakwe ndipo silidzalakwa. Linati mimba ya a Nduna ndi chinsinsi cha boma, ndipo popeza Diso silisiyanitsa nambala ndi nambala, mimba zonse za m'kampani zasanduka chinsinsi cha boma mpaka eni makina atabwera ndi kiyi. Linati antchito onse 312 abwerere Lolemba ndi pakati pawo pomwepo, akasoke makatani makumi asanu ndi anayi. Kupumitsa Mwachikondi kupitirira, koma kuzichitika mwana akaoneka ndi maso.

Velonika sanabwerere. Wake anali ataoneka kale.

Zina zonse zinatsala mmene zinalili. Diso linapitiriza kuwerenga kuyasamula, kuimba m'chimbudzi ndi kumene munthu wagona. Mfumu inapeza makatani ake ndipo inalengeza tsiku lokumbukira ufulu wa munthu kukhala payekha, limene limakondwereredwa kunyumba yachifumu chaka chilichonse zitseko zili zotseka. Komiti yodikira kuchira kwa a Nduna inakhazikitsidwa. Ikukumanabe.

Nachisale anawerenga lamulolo bwino. Anadziwa kuti malipenga akumudikira kutsogolo, ndipo kuti ntchito yake ili ndi miyezi yowerengeka. Anapinda makatani a Mfumu mosamala ngati kale. Mwezi wachitatu unadutsa. Wachinayi unadutsa. Anthu anaona kuti wamasula chitenje pang'ono, ndipo anayamba kuyang'ana kwambiri kudenga akamadutsana naye. Mayi Nagama anasintha mpando wake wolimba ndi wa Nachisale, nati wa Nachisale ndi umene umawakomera msana.

Lamulungu lina masana, atabwera kutchalitchi, Nachisale ankasankha nyemba pakhonde. Anaima mwadzidzidzi. Anagwira pamimba nadikira. Kunabweranso, pang'ono, ngati chala chogogoda pachitseko.

Analowa m'nyumba. Dafuleni ankasoka nsapato yake.

“Bambo, ndili ndi mawu.”

Dafuleni anakweza dzanja kuti adikire. Anaika nsapato pansi. Anapita pazenera natsitsa katani yake yamphatso, napita pazenera lina natsitsa ya mkazi wake. Zinali nsalu zokhuthala, za mtundu wa kumaofesi a nduna. Anagwira dzanja lamanzere la Nachisale nakulunga chibangili ndi katani, kuzungulira, kuzungulira, mpaka dzanja linakhala ngati mtolo. Lake anakulunga ndi mano. Kenaka anakhala pansi moyang'anana naye.

“Nenani, mayi.”

Nachisale ananena. Mawu ake sali pano. Anali ake.

Dafuleni anayang'ana pakhomo pamene panali kabeseni kobiriwira, nyemba zili momo.

“Mumadziwa?” anafunsa Nachisale.

“Ndinali ndisanamve.”

“Dothi lonse lija?”

“Linali loipa kwambiri,” anatero Dafuleni. Anadzuka, nakhuthulira nyemba mumphika, natsuka kabeseni kawiri, nakapachika pamsomali pamwamba.

Lolemba anaitanidwa kuofesi. Kapitawo anali ndi pepala lochokera kuchipinda chozizira. Linati nambala 208 ndi nambala 233 anasowa m'makutu a kampani kwa mphindi khumi ndi imodzi, Lamulungu masana, nthawi imodzi, m'nyumba imodzi. Kampani inada nkhawa. Inafuna kudziwa.

“Mumatani?” anafunsa kapitawo.

“Timayesa makatani, bwana.”

“Ndiye?”

Dafuleni anaganiza kaye.

“Ndi abwino,” anatero. “Amatseka.”